Mlimi Wosakolola: Ntchito Yokonza Bwalo la Gofu m'Chilimwe

Mwezi wa Seputembala ukafika kuno kuchidikha cha Kasungu, dziko limaoneka ngati lafa. Tchire limakhala litapsa, akamvuluvulu akuyendayenda m'minda yopanda kanthu, ndipo fumbi la mumsewu limatipeza ndi m'kalasi momwe. Komabe munthu wopenyetsetsa amaona zinthu ziŵiri zamoyo. Choyamba ndi mphukira zofiira za mitengo ya m'thengo, zimene zimatuluka mvula isanagwe. Chachiŵiri ndi nazale za fodya m'mbali mwa madambo, kumene anthu amalaŵirira ndi makheni m'manja kukathirira mabedi. M'nyengo yomweyi muli alimi ena amene nawonso amasoŵa tulo, ngakhale kuti mbewu yawo sidzafika ku okushoni ku Chinkhoma. Aŵa ndi anthu osamala mabwalo a gofu.

Wandilembetsa nkhani ino ndi mnyamata wina amene ndidamphunzitsa za ulimi m'Fomu 4. Mayeso sadamuyendere bwino, ndipo atakhala pakhomo chaka chathunthu adakapeza ganyu pabwalo lina la gofu m'Chigawo chino cha Pakati. Bambo ake, amene akalambira pautenanti wa fodya, adandipeza kusukulu nkhope ili yakugwa. "Aphunzitsi," adatero, "ine ndatha makasu kulimbana ndi kapinga m'munda. Lero mwana wanga akuthirira kapinga yemweyo kuti anthu olemera aziyendapo. Kodi sukulu ija phindu lake ndi limeneli?" Ndidasoŵa choyankha, pakuti pansi pa mtima nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Motero tsiku lina Loŵeruka ndidakwera basi kukadzionera ndekha.

Tisanafike pabwalopo, tiyeni timve kaye za maseŵerowo. Gofu adakulira ku Scotland, m'malo amchenga a m'mbali mwa nyanja, kumene nkhosa ndi akalulu ndiwo ankameta udzu. Woseŵera amamenya kampira ndi ndodo kuchokera patali mpaka kukaloŵetsa m'kadzenje kotambalala mamilimita 108 okha, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa. Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18, chiŵerengero chimene chidachokera ku St Andrews, kumene m'chaka cha 1764 adachepetsa maenje kuchoka pa 22. Kuno kwathu bwalo la Lilongwe Golf Club lili ndi maenje 18, pamene la Kasasa ku Dwangwa, kum'maŵa kwa Kasungu, lili ndi 9. Malo osalala ozungulira kadzenje amatchedwa gilini, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni.

Nditafika ndidadabwa, pakuti ndinkayembekeza kuona udzu wobiriŵira ngati bulangete latsopano, koma ndidapeza gilini atamukalakala ngati pamene zapalasa nkhuku. Mnyamata uja adaseka. "Aphunzitsi, mwabwera tsiku labwino. Pano tikuononga kuti tikonze." Adandifotokozera kuti kapinga amagona m'miyezi yachisanu ya Juni ndi Julayi, ndipo kukayamba kufunda amadzuka. Nthaŵi yodzukayo ndiyo yomuchita opaleshoni, chifukwa mabala ake amapola msanga. Ndi chifukwa chake mabwalo ambiri kum'mwera kuno kwa Afirika amagwira ntchito yolemetsayi cha mu Ogasiti ndi Seputembala, mvula isanayambe.

Ntchitoyo ili patatu. Poyamba amapala udzu wakufa umene umasanjikizana pakati pa masamba ndi nthaka. Zinyalala zimenezi zikachuluka zimakhala ngati denga la nyumba: madzi amangotsetsereka osaloŵa, ndipo tizilombo ndi matenda zimapeza pobisala. Kachiŵiri amabowola nthaka ndi zitsulo zamphako zimene zimazula timiyendo tadothi tonga zala za mwana. Chifukwa chake nchakuti chaka chonse anthu ndi makina akhala akuponda pamenepo, dothi nkugogomezeka ngati pabwalo lopunthira mapira, ndipo mizu imasoŵa mpweya. Kachitatu amamwaza mchenga wosefa bwino, nausesera m'timaenje tija. Mchengawo umatsegula njira ya madzi ndiponso umasalaza malo. Luso lothira mchenga ndi lakale ndithu; adalitchukitsa Old Tom Morris, amene adasamala bwalo la St Andrews kuyambira m'zaka za m'ma 1860.

Zikatha izi amathira feteleza pang'ono ndi kuthirira m'bandakucha, dzuŵa lisanayambe kumwa madzi. Udzu ukaphuka sathamangira kuumeta mpaka pansi, koma amatsitsa mpeni wa makina pang'onopang'ono kufikira udzuwo utatsala mamilimita anayi kapena asanu. Wometa mopupuluma amasiya zipsera zimene zimatenga masabata kuti zitsekeke. Pali adani enanso ofuna maso tsiku ndi tsiku: chiswe chimene chimadya udzu wouma, mfuko imene imautsa milu ya dothi usiku umodzi, dawe amene amamera msanga kuposa kapinga, ndi ntchemberezandonda zimene zimabwera ndi mvula.

Pamene ankalongosola zonsezi, ine maganizo adali atabwerera ku Kasungu, kunazale ya bambo ake. Kodi mlimi wa fodya sasalaza bedi mpaka dothi likhale losalala ngati ufa, popeza njere ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi? Kodi sasamala kathiriridwe, podziŵa kuti madzi akachuluka mbande zimaola, akachepa zimapsa? Kodi sameta masamba a mbande kuti zikule mofanana, ndi kuzichepetsera madzi zikayandikira kuwokeredwa kuti zikhwime? Wosamala gilini amachitanso chomwecho: amathirira mokwanira koma mwa apo ndi apo, kuti mizu itsike pansi kukafuna madzi. Ndidamufunsa mnyamatayo kumene adaphunzira kuyesa chinyontho ndi chala. Iye adati, "Kunazale kwa abambo, Aphunzitsi. Anzanga ena pano amadikira kuuzidwa. Ine dothi ndimalimva." Akuluakulu adati mmera mpoyamba, ndipo mawuŵa ndi oona pa fodya, pa udzu, ndi pa mwana yemwe.

Sindikufuna kubisa mbali yovuta ya nkhaniyi, imene ndi madzi. Kuchokera mu Meyi mpaka mu Novembala mvula yeniyeni sigwa kuno, ndipo anthu a m'tauni ya Kasungu, amene amadalira damu la Chitete, amadziŵa tanthauzo la mpopi wouma mu Okutobala. Funso la bambo uja lili ndi mano: nkoyenera kodi kuthirira udzu wosadyedwa pamene amayi akuchezera pamjigo? Wosamala bwalo wanzeru amayankha ndi ntchito zake. Amathirira magilini ndi pomenyera mpira poyamba basi, kwinako nkukusiya kuti kuume kudikira chizimalupsa, popeza kapinga safa ndi chilala koma amangogona. M'madera ena ouma kwambiri a dziko lapansi anthu adafika poseŵera pa magilini a mchenga wokhawokha, opanda udzu nkamodzi komwe. Bwalo lomwaza madzi mosasamala pakati pa anthu aludzu silingakhale pamtendere ndi anansi ake.

Tsono kwa inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, mawu anga ndi aŵa. Mabwalo a gofu m'Malaŵi ndi oŵerengeka, ndipo sindikukulonjezani kuti nonse mukalembedwa kumeneko. Koma luso losamala udzu limafunikanso pamabwalo a mpira, pamahotela, pamasukulu ndi pamaofesi, ndipo ambiri a inu mudaliyamba kale muli ana, mutanyamula kheni pambuyo pa makolo anu. Kwa aphunzitsi anzanga ndikuti: tikamaphunzitsa za mpweya wa m'nthaka ndi kaloŵedwe ka madzi, tisamangolemba pabolodi. Tiyeni titenge foloko yolimira, tipite ndi ana pabwalo la mpira la sukulu pamene pagoli padasanduka thanthwe, tibowole, tithire mchenga ndi manyowa, tiwokere kapinga, ndipo tidzaone pamodzi mvula ikagwa.

Nditabwerera ndidakawapeza bambo aja kudambo akuthirira mabedi, ndipo ndidawauza zonse zimene ndidaona, ngakhalenso mawu a mwana wawo onena za nazale. Adakhala chete kanthaŵi, akuyang'ana mbande zawo. Kenaka adandifunsa ngati mnyamatayo amakumbukira kuthirira dzuŵa lisanatuluke. Nditavomera adagwedeza mutu, nanyamula kheni kubwerera kuchitsime. Sadanene kuti mtima wawo wakhala pansi, ndipo ine sindidawakakamize.