Kugula nyumba m'makomboni a Lusaka: tauni ili pafupi, koma mlandu uli pa mapepala ndi madzi

LUSAKA – Nthawi ikamakwana 05:00 koloko m'mawa, mseu wa Los Angeles umakhala utadzaza kale ndi anthu oyenda pansi kucokera ku Kanyama. Ena akupita kukapikula ndiwo zamasamba pa msika wa Soweto, ena ku mafakitale, ena kukatsegula masitolo a mabwana awo m'tauni. Ambiri a iwo salipira basi. Ici ndico cuma cacikulu ca makomboni akale a mu Lusaka, ndipo munthu wogula nyumba ku Kanyama, Chawama, Matero, George, Kalingalinga kapena Mtendere amalipirira cimeneci koposa njerwa ndi malata.

Kalembera wa caka ca 2022 anapeza kuti m'boma la Lusaka muli anthu oposa 2.2 miliyoni, ndipo pafupi-fupi 70 peresenti ya anthu a mu mzindawu amakhala m'makomboni. Mzinda ukukulira kunja, ca ku Chongwe, Chilanga, Kafue ndi kumseu wa ku Kabwe, kumene mapuloti ndi aakulu ndiponso ochipa. Koma wokhala kumeneko amalipira mtunda tsiku ndi tsiku. Minibasi zambiri za mu Lusaka zimathera m'tauni, pa Kulima Tower, City Market, Millennium kapena Lumumba, motero munthu amene nchito yake ili mbali ina ya mzinda amakwera kawiri popita ndi kawiri pobwera. Banja la anthu awiri ogwira nchito ndi ana atatu a sukulu likawerengera ndalama za basi za mwezi wathunthu, kawiri-kawiri limapeza kuti nyumba yochipa ya kutali ija ili ndi renti yake yobisika.

Sitima ya Njanji Commuter, imene inkanyamula anthu pakati pa Chilenje ndi George kudzera m'tauni, inaleka kuyenda kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Milatho ya pamwamba ya ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, imene inamangidwa pakati pa 2018 ndi 2021, inathandiza maka-maka a magalimoto. Woyenda pansi akudalirabe kufupika kwa njira.

Komboni iliyonse ili ndi kumene imayang'ana. Kanyama ndi Chawama zimadalira tauni, msika wa Soweto ndi mseu wa Kafue. Matero ndi George zili pafupi ndi dera la mafakitale ndi mseu wa Lumumba. Kalingalinga ndi Mtendere, kum'mawa, zinazunguliridwa ndi yunivesite ya UNZA, maofesi ndi masitolo a mumseu wa Alick Nkhata, ndiponso mayadi a ku Kabulonga ndi Ibex Hill kumene anthu ambiri amagwira nchito za m'nyumba, za m'munda ndi za ulonda. Zipatala za Matero, Kanyama ndi Chawama zinakulitsidwa kukhala zipatala zazikulu za m'madera, cinthu cimene banja la ana aang'ono kapena la okalamba silingacione mopepuka.

Mapepala si amodzi

Anthu amangoti onsewa ndi makomboni, koma sanabadwe mofanana, ndipo mbiri yawo ndiyo imanena mtundu wa pepala limene wogula adzalandira.

Matero inamangidwa ndi khonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 monga malo a anchito acikuda. Nyumba zake zinali ndi manambala, miseu ndi malire. M'caka ca 1996 boma la Mtsogoleri Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo, ndipo mabanja ambiri a ku Matero anakhala eni nyumba nthawi imeneyo. Mtendere inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 monga malo amene boma linadula mapuloti kuti anthu adzimangire okha. George, Chawama, Kanyama ndi Kalingalinga zinamera popanda pulani, pa mapulazi ndi pa malo okumbapo miyala a anthu ena. N'cifukwa cake makomboni ena, monga George, John Laing ndi John Howard, akudziwikabe ndi maina a azungu a nthawi imeneyo.

M'caka ca 1974 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act, limene linapatsa boma mphamvu yovomereza makomboni oterewa m'malo mowagwetsa. Caka comweco nchito yokonza George ndi Chawama inayamba ndi ngongole ya World Bank. Kalingalinga inakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Kanyama inavomerezedwa mocedwa, mu 1999. Lamulo la 1974 linalowedwa m'malo ndi Urban and Regional Planning Act ya 2015, koma mapepala amene linabala akadali m'masutukesi a anthu, ndipo ndi amene wogula amaonetsedwa.

Loyamba ndi occupancy licence, cilolezo ca zaka 30 cimene khonsolo ya mzinda wa Lusaka imapereka m'makomboni ovomerezedwa. Apa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka. Cilolezoci cimapatsa munthu ufulu wokhala pa malo pamene pali nyumba yake ndi pongozungulira nyumbayo, koma malo enieniwo amakhala m'manja mwa khonsolo, ndipo sanapimidwe ndi opima malo kuti malire ake adziwike ndi bikoni. Wogulitsa akaloza mtengo wa mango ndi kunena kuti malire afika pamenepo, pepala silimucitira umboni. Mwini cilolezo amalipira msonkho wa malo ku khonsolo, ndipo zaka 30 zikatha ayenera kucikonzanso. Zilolezo zimene zinaperekedwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zinatha kale ngati eni ake sanapite kukazikonzanso.

Laciwiri ndi cikalata ca umwini ca khonsolo, ca zaka zofika 99, cimene cimapezeka m'madera amene anadulidwa mapuloti mwa pulani. Lacitatu ndi title deed yocokera ku Unduna wa za Malo. Ngakhale imeneyi si umwini wamuyaya: lamulo la Lands Act la 1995 limati malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndipo munthu amapatsidwa kwa zaka zosapitirira 99. Pogulitsa malo otere pafunika cilolezo ca boma. Kuyambira mu 2018 boma ndi khonsolo akhala akulembetsa nyumba khomo ndi khomo m'makomboni ena pofuna kupereka ma title deed, motero m'mseu umodzi mungathe kupezeka nyumba zoyandikana za mapepala osiyana.

Palinso nyumba zambiri zimene zilibe ciliconse mwa zitatuzi. Zili cabe ndi kalata yogulitsirana yolembedwa pamanja, yosainidwa ndi mboni ziwiri, nthawi zina ndi cidindo ca wapampando wa m'dera. Kalata yotere imasonyeza kuti ndalama zinaperekedwa. Sisonyeza kuti wolandira ndalamayo anali ndi mphamvu yogulitsa.

Ndani akugulitsa?

Milandu yambiri ya nyumba za m'makomboni imene imafika ku khoti simayamba ndi mbala yacilendo. Imayambira m'banja. Amene anamanga nyumba za ku George ndi Chawama m'zaka za m'ma 1970, ndi amene anagula za khonsolo mu 1996, ambiri anamwalira, koma maina awo akadali pa mapepala. Amene amabwera kudzagulitsa ndi mwana woyamba, mlongo wa malemu kapena administrator amene banja linasankha pa maliro.

Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limanena momveka za munthu womwalira wosasiya wilo. Nyumba imakhala ya mkazi kapena mwamuna wamasiye pamodzi ndi ana onse, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atalowa m'banja lina. Administrator si mwini nyumba. Nchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kugawa cuma, ndipo sangagulitse nyumba popanda cilolezo ca khoti. Wogula amene wangoona kalata ya administrator ya ku Local Court n'kupereka ndalama angathe kudzaona mwana wina wa malemu, amene anali ku Kitwe kapena ku Chipata, atafika patapita zaka ndi samani m'manja. Makhoti akhala akufafaniza malonda otere, ndipo ndalama zimakhala zitadyedwa kale.

Njira yodzitetezera si yodula poyerekeza ndi mtengo wa nyumba. Wogula amapita yekha ku ofesi yosunga mabuku a nyumba ku Civic Centre, kapena ku Unduna wa za Malo ngati pali title deed, kukafufuza dzina lolembedwa pa nambala ya nyumbayo, ngati pali ngongole imene nyumba inaikidwa cikole, ndiponso ngati pali wina amene analetsa kuti isagulitsidwe. Dzinalo liyenera kufanana ndi la pa registiresheni ya wogulitsa. Pambuyo pake ndi bwino kuceza ndi oyandikana nawo wogulitsa palibe. Amai ogulitsa tomato pa kona amadziwa ngati nyumbayo inagulitsidwapo kale kwa wina, ndipo sabisa.

Mapuloti ogawidwa ndi makada a zipani za ndale ndi nkhani ina. Ambiri ali pa malo osiyidwira mseu, ngalande, sukulu, njanji kapena pansi pa nthambo zazikulu za ZESCO, ndipo palibe ofesi imene ingawalembetse. Zimene zinacitika ku Kasompe mu Chingola mu Ogasiti 2022, pamene khonsolo inagwetsa nyumba zoposa 300 zomangidwa pa malo a bwalo la ndeke, zikanatha kucitika pa malo ena otere mu Lusaka.

Nyumba iyenera kuonedwa mu Febuluwale

Nyumba ya ku Kanyama imaoneka bwino mu Ogasiti. Mbali yaikulu ya kumwera ndi kumadzulo kwa Lusaka inakhala pa thanthwe la miyala ya laimu, malo ake ndi athyathyathya, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikalimba madzi alibe kolowera. Akulu-akulu amakumbukabe cigumula ca ku Kanyama ca 1978, ndipo zigawo zina za Kanyama, Chawama, George ngakhale Kalingalinga zimasefukira pafupi-fupi caka ciliconse.

Vuto si kunyowa kwa mipando cabe. Thanthwelo lili ndi ming'alu, motero zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimayenda msanga kukalowa m'zitsime zosazama. Pa mliri wa kolera wa 2017 mpaka 2018, umene unagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka, Kanyama inali pakati pa madera ovutika koposa ndipo boma linakwirira zitsime zambiri kumeneko. Mliri wa 2023 mpaka 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, ndipo bwalo la National Heroes linasanduka cipatala.

Wogula wanzeru amayang'ana mzera wa cinyontho pa cipupa, ngakhale utapakidwa penti watsopano. Amaona ngati khomo linakwezedwa ndi mabuloko, ngati pansi pa nyumba patsika kuposa mseu, ndi kumene madzi a pa denga la oyandikana nawo amathera. Amafunsa ngati madzi ndi a paipi ya Lusaka Water Supply and Sanitation Company kapena ogula pa kiyosiki, ndiponso ngati galimoto yopopa cimbudzi ingathe kufika pakhomo. Pa nkhani imeneyi makomboni asiyana kwambiri. George inalandira mipopi ndi matanki m'zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la Japan, ndipo ku Mtendere kunaikidwa mapaipi a madzi ndi a suweji pa pangano la madola 355 miliyoni la Millennium Challenge limene linayenda kuyambira 2013 mpaka 2018. Komabe paipi kudutsa mumseu sikutanthauza kuti nyumba inalumikizidwa.

Ndalama zina zosachulidwa pa mtengo

Msonkho wosinthira umwini wa nyumba, umene umaperekedwa ku ZRA, unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 peresenti kuyambira pa 1 Januwale 2025. Lamulo limati wogulitsa ndiye alipira, koma ambiri amaukankhira kwa wogula, motero pangano lolembedwa liyenera kunena poyera. Ngongole zakale za khonsolo ndi za madzi nazo zimatsala ndi nyumba, ndipo khonsolo sisintha dzina zisanalipidwe. Ma agent ovomerezeka amalembetsedwa ku Zambia Institute of Estate Agents. Ambiri amene amalemba manambala a foni pa zipupa ndi pa Facebook sali m'kaundula ameneyo.

Mabanki ambiri safuna occupancy licence monga cikole, motero nyumba za m'makomboni zimagulidwa kwambiri ndi ndalama za m'manja: za penshoni, za cilimba, za m'magulu osunga ndalama, ndiponso, kuyambira 2023, gawo la 20 peresenti limene mamembala a NAPSA analoledwa kutapa asanapume pa nchito. Cimene cimabweza ndalamazo ndi zipinda za kuseri. Nyumba yambiri ya m'komboni imagulidwa pamodzi ndi anthu a renti, ndipo wogula ayenera kudziwa amene analipiriratu miyezi ya kutsogolo.

Kumene kufupika kwa njira kwakweza mitengo koposa ndi ku Kalingalinga. M'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata nyumba zambiri zakale zinagulidwa ndi amalonda, zinagwetsedwa, ndipo pamalopo pali masitolo, maofesi ndi nyumba zogonamo ana a sukulu a ku UNZA. Ogulawo safuna nyumba, amafuna malo, ndipo mtengo umene amachula umakokera m'mwamba ngakhale nyumba za mkati mwa komboni zimene galimoto sifikako. Mabanja ena amene anagulitsa anakamanga nyumba zazikulu kunja kwa mzinda, ndipo tsopano amakwera minibasi ziwiri kubwera ku nchito imene kale ankafikako ndi miyendo.