Kodi Thumba la Nsawa Limayamba Liti Kusuntha?

Ana inu, mlimi wa ku Petauke akamakankha thumba la nsawa lolemera makilogalamu 50 pa simenti, poyamba thumbalo limakana. Akaonjezako mphamvu pang'ono, limakanabe. Kenaka limasuntha mwadzidzidzi, ndipo likangoyamba kuyenda, kulikankha kumapepukirako. Kodi chimene chimaligwira nchiyani?

Palibe chinthu chosalala kotheratu. Simenti ndi thumba, zonse zili ndi tizitunda ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo zikakhudzana zimagwirana. Mphamvu ya kugwirana kumeneku, imene imaletsa chinthu chongokhala kuti chisasunthe, akatswiri a sayansi amaitcha static friction.

Mphamvuyi ili ndi khalidwe lodabwitsa. Mukakankha pang'ono, iyo imakaniza pang'ono. Mukakankha kwambiri, iyonso imakaniza kwambiri, molingana ndi mphamvu yanu. Koma ili ndi malire. Mphamvu yanu ikangopitirira malirewo, thumba limasuntha, ndipo kukaniza kumene kumatsala pamene likuyenda kumakhala kocheperapo.

Malirewo amadalira zinthu ziwiri: kukhakhala kwa zinthu zokhudzanazo, ndi m'mene zapanikizirana. M'chaka cha 1699, Guillaume Amontons wa ku France anaonetsa kuti kulemera kukawirikiza kawiri, kukaniza nakonso kumawirikiza kawiri, koma kukula kwa malo okhudzanawo sikusintha kanthu.

Aphunzitsi, yesani izi m'kalasi. Ikani njerwa pa thabwa louma, ndipo mwana mmodzi akweze mbali imodzi ya thabwalo pang'onopang'ono. Wina apime ndi rula msinkhu umene thabwa lafika pamene njerwa yayamba kutsetsereka. Bwerezani njerwa itagona cham'mbali. Ana aona kuti misinkhu iwiriyo ikufanana, kapena ikusiyana pang'ono chabe. Pomaliza yalani pepala la pulasitiki pa thabwapo. Tsopano njerwa itsetsereka thabwa lisanakwere kwambiri.

Thabwa lopendekekalo likutikumbutsa msewu wa Great East Road, umene umakwera ndi kutsika mapiri pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Matumba amene ali pa lole amakhazikika chifukwa cha kugwirana komweku. Koma lole ikamatsika phiri, nigwira mabuleki mwadzidzidzi, kapena ikakhota mothamanga, malire aja akhoza kupitirira, ndipo katundu amatsetsereka osachenjeza. Nchifukwa chake katundu ayenera kumangidwa ndi zingwe zolimba, ndipo munthu sayenera kukhala pamwamba pake. Matayala nawonso amadalira kugwira msewu. Akaperepeseka, mvula nigwa, galimoto imaterereka msanga.

Tisanakumanenso, yankhani funso ili m'makope anu: nchifukwa ninji munthu amaterereka akaponda khoko la nthochi pa msika wa ku Nyimba, pamene pa nthaka youma amayenda bwinobwino?