Filimu yowopsa kwambiri ndi iti, ndipo imatiwopsa bwanji?

Ophunzira akamakangana za filimu yowopsa kuposa zonse, ambiri amathamangira kutchula ya magazi ambiri. Magazi amanyansa ndithu, koma ukazimitsa foni umawaiwala. Ilipo filimu ina yomwe imakutsatira mpaka pogona, ndipo imeneyo ndiyo makolo ayenera kuimvetsa, chifukwa mwana amene wayamba kukana kuzimitsa nyali usiku nthawi zambiri sanena chomwe waonera.

Akatswiri opanga mafilimu anadziwa kale kuti chobisika chimawopsa kuposa chooneka. Pojambula Jaws ya 1975, shaki ya makina inkawonongeka pafupipafupi, choncho Steven Spielberg anaionetsa pang'ono chabe. Nthawi yaitali woonera amangoona madzi, uku akumva kanyimbo ka John Williams kobwerezabwereza. Mu The Blair Witch Project ya 1999, mfitiyo sioneka ngakhale kamodzi. Maganizo ako ndi amene amaijambula, ndipo amajambula chomwe iweyo umachiopa kwambiri. Phokoso lodzidzimutsa lija limangothamangitsa mtima kwa kamphindi, kenako anthu amaseka.

Mantha amakula choopsacho chikalowa m'nyumba. The Exorcist ya 1973, yomwe ambiri amaiika patsogolo mpaka lero, nkhani yake yaikulu imachitikira m'chipinda chogona cha mtsikana wa zaka 12 ku Georgetown, mumzinda wa Washington. Mayi akuyang'ana nkhope ya mwana wake, koma mawu akutuluka pakamwapo si a mwanayo. Chilombo cha kutchire ungachithawe. Nanga mwana wako umuthawira kuti? Ringu, filimu ya ku Japan ya 1998, inachita mochenjera kwambiri: mzukwa wa Sadako umatulukira mu wailesi yakanema, chipangizo chonga chomwe woonerayo wachiyang'anitsitsa.

Palinso china chokhudza ifeyo. Munthu amaopa kwambiri chomwe amakhulupirira kuti chilipo. Mwana wa Chisilamu akhoza kuonera Dracula akutafuna mtedza, chifukwa akudziwa kuti ndi nthano. Muonetseni Dabbe ya 2006 kapena Siccin ya 2014, mafilimu a ku Turkey onena za majini, muone kusiyana kwake. Kumadrasa anaphunzira kuti majini alipo, kuti analengedwa ndi moto, ndipo Surah ya 72 m'Qur'an ili ndi dzina lawo. Akamva zomwe amazidziwa zikutchulidwa mufilimu, amavutika kusiyanitsa chiphunzitso ndi zopeka za wolemba. Surah yomweyo imatiuza za majini amene anamvetsera Qur'an n'kukhulupirira, koma jini lokhulupirira silingagulitse filimu, n'chifukwa chake opanga amasankha loipa lokha n'kuliwonjezera mphamvu zomwe sitinaphunzitsidwepo.

Kwa ine, yosautsa mtima kwambiri pa mafilimu a majini ndi Under the Shadow ya 2016, ya Babak Anvari. Magazi mulibe kwenikweni. Ndi mumzinda wa Tehran m'nthawi ya nkhondo ya Iran ndi Iraq, bambo atumizidwa kunkhondo, oyandikana nawo akusamuka mmodzimmodzi, ndipo mayi watsala ndi mwana wake wamkazi m'nyumba yomwe mzinga waboola denga. Chidole cha mwanayo chasowa. Kwa nthawi yaitali woonera sadziwa ngati m'nyumbamo muli jini kapena ngati mayiyo wasokonezeka ndi mantha a nkhondo, ndipo mwanayo wayamba kukayikira mayi ake omubala.