Kuyembekezera Pamene Bambo Ali ku Maphunziro a Usilikali

Amayi anzanga, m'maparishi a dayosizi yathu ya Dedza muli mabanja ambiri a asilikali. Ena mwa inu amuna anu ali m'gulu la Malawi Defence Force, ena ndi ana anu kapena akamwini anu. Mukuidziwa kale ntchito imeneyi: lamulo likabwera kuti msilikali apite ku maphunziro, sanganene kuti adikire kaye mkazi wake achire. Ambiri amapita ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima. Ena amakachita maphunziro okonzekera ntchito yosungitsa mtendere kunja, monga ku Democratic Republic of Congo, komwe asilikali athu anayamba kutumikira pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa m'chaka cha 2013.

Salima ndi pafupi, kungotsetsereka msewu wa ku Golomoti. Komabe msilikali amene ali pa maphunziro satuluka pamene wafunira, ndipo foni sakhala nayo m'manja nthawi zonse. Choncho mayi woyembekezera amene watsala pakhomo ayenera kukonzekera ngati kuti bambo ali kutali kwambiri. Nkhaniyi ndi ya inu amene muli oyembekezera, komanso ya ife a m'bungwe la amayi amene tiyenera kukuthandizani.

Kambiranani bambo asananyamuke

Ngati mwadziwiratu tsiku la ulendo, khalani pansi awiri ndi kumanga mfundo. Mfundo yoyamba ndi yakuti: zinthu zikavuta usiku, ndani adzalamule kuti mupite kuchipatala? M'midzi mwathu amayi ambiri amachedwa chifukwa chodikira chilolezo cha bambo, cha apongozi kapena cha amalume. Bambo anene poyera pamaso pa ankhoswe a mbali zonse kuti inu muli ndi ufulu wopita kuchipatala nthawi iliyonse osadikira munthu. Izi n'zofunika kwambiri ngati muli pachitengwa, kutali ndi amayi anu.

Mfundo yachiwiri ndi ya ndalama. Gwirizanani kuchuluka kwa ndalama imene izibwera pamwezi ndi njira yake, kaya ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ndalamayo izifika m'manja mwanu, isamadzere kwa munthu wina. Mfundo yachitatu, bambo akusiyireni nambala ya foni ya mnzake wodalirika kapena ya ofesi ya kumene amagwira ntchito, kuti uthenga wofunika uzimupeza ngakhale foni yake itazima. Gwirizananinso za dzina la mwana ndi za amene adzakhale aimiriri ake pa ubatizo.

Musachedwe kuyamba sikelo

Sikelo imayamba mukangodziwa kuti muli ndi pakati, miyezi itatu isanathe. Kuyambira mu 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu asanachire, ndipo Unduna wa Zaumoyo kuno kwathu unatsatira malangizo amenewa.

M'zipatala zambiri amalimbikitsa kuti pa ulendo woyamba mubwere ndi bambo. Cholinga chake n'chabwino: kuti muyezetse magazi pamodzi ndi kumvera limodzi uphungu. Koma amayi ena, poona kuti bambo palibe, amangokhala pakhomo mpaka miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Kumeneko n'kudziika pachiswe. Pitani ndithu, mukafotokoze kwa anamwino kuti bambo ali ku ntchito ya usilikali. Ngati kwanuko amafuna kalata ya amfumu, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu akuthandizeni kuipeza msanga. Ngati bambo asananyamuke, pitani nawo limodzi ngakhale mimba ikadali yaing'ono.

Ku sikelo akakuyezani kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi m'thupi, HIV ndi chindoko. Chindoko chimachizika, koma chikapanda kudziwika chimatha kupha mwana m'mimba. Mayi wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo. Ndondomeko imeneyi inayambira kuno ku Malawi mu 2011, ndipo yateteza ana ambiri kuti asatenge kachilomboka. Mukalandiranso katemera wa kafumbata, mapiritsi owonjezera magazi oti muzimwa tsiku ndi tsiku, neti, ndi mankhwala a SP oteteza malungo. SP amayamba miyezi itatu yoyamba ikatha, amamwedwa motalikana ndi mwezi, ndipo asachepere katatu.

Musanene kuti kuno kumapiri kukuzizira, udzudzu kulibe. Malungo aliko, ndipo kumunsi monga ku Mtakataka ndi ku Golomoti ndiye ngochuluka. Kwa mayi woyembekezera malungo amachepetsa magazi, amachititsa kuti mwana abadwe wochepa thupi, mwinanso kupititsa padera. Gonani mu neti usiku uliwonse.

Chakudya ndi ntchito zapakhomo

Dedza ndi dera la chakudya, koma nthawi zambiri zabwino zonse timapita nazo kumsika. Mayi woyembekezera azidya kuchokera ku magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa monga nsima, mbatata ndi kachewere, za m'gulu la nyemba monga nyemba, soya ndi mtedza, za nyama monga mazira, usipa ndi mkaka, ndiwo zamasamba, zipatso monga nthochi, mapichesi ndi magwafa, ndi mafuta. Onjezerani kachakudya kena pa tsiku kuposa mmene mumadyera kale, ndipo mchere ukhale wa ayodini. Zoti mazira amachititsa mwana kubadwa wopanda tsitsi ndi nkhambakamwa chabe. Mowa ndi fodya zisiyeni kotheratu.

Bambo akachoka, ntchito zawo zimagwera inu. Kuyenda ndi kugwira tintchito topepuka n'kwabwino, koma kupanga mizere tsiku lonse, kusenza matumba a kachewere kapena kutsika ndi mtolo wa nkhuni kuphiri si zanu m'miyezi yomaliza. Pa ndalama imene bambo akutumiza patulani ya ganyu. Ana aakulu agawireni ntchito molingana ndi msinkhu wawo, koma musamuchotse mtsikana pasukulu kuti azikusamalirani.

Zizindikiro zoopsa

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Zambiri mwa imfa zotere zimapeweka mayi akafika kuchipatala nthawi yabwino. Zizindikiro izi muziloweze pamtima, ndipo muuzenso amene mukugona naye m'nyumba: kutaya magazi ngakhale pang'ono, mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba, kusweka kwa nsupa matenda asanayambe, kupuma movutikira, ndi mwana kusiya kapena kuchepetsa kugunda.

Mukaona chimodzi chokha mwa izi, nyamukani. Musadikire kuti kuche, musadikire kuti foni ya bambo ipezeke. Mudzawauza muli kale m'manja mwa anamwino. Pa mafunso ena a tsiku ndi tsiku mutha kuimba ku Chipatala cha pa Foni.

Konzekerani tsiku lochira

Pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri mukhale mutadziwa kumene mukachirire, kaya ku chipatala cha boma cha Dedza, ku Mua, ku Mtendere, ku Bembeke, ku Kasina kapena ku chipatala china chapafupi. Zipatala zina za mishoni zili ndi mgwirizano ndi boma woti chithandizo cha uchembere chikhale chaulere. Funsiranitu ngati chanu chili m'gulu limeneli, kuti mudziwe ndalama yoti musunge. Ngati munachitidwapo opaleshoni, mukuyembekezera mapasa, kapena magazi anu amathamanga, anamwino akuuzani kuti mukachirire ku chipatala chachikulu. Mverani.

Sankhani mayi mmodzi wodzakudikirirani ndi wina wotsala ndi ana pakhomo. Lankhulani ndi wa njinga yamoto kapena wa galimoto, musunge nambala yake, ndipo ndalama ya ulendo muiike padera, isakhudzidwe. Ngati kwanu n'kutali, kapena masiku anu agwera m'dzinja pamene mitsinje imadzaza ndi misewu ya fumbi imaterera, pitani mukadikirire kuchipatala mwezi womaliza. M'chikwama mukhale buku lanu la kuchipatala, chiphaso cha unzika, zitenje zochapa bwino, beseni, sopo, ndi zina zimene anamwino akuuzeni. Mwana wobadwa mu June kapena July kuno kwathu amafunika chipewa, masokosi ndi bulangete, chifukwa kuzizira n'koopsa kwa khanda.

Musamwe mwanamphepo kapena mankhwala alionse achikuda ofulumizitsa matenda. Amatha kukoka chiberekero mwamphamvu mpaka kuphulika.

Miseche ndi kuwerenga miyezi

Pali bala lina limene silioneka ku sikelo. Bambo akachoka mimba isanaoneke, anthu amayamba kuwerenga miyezi ndi zala, ndipo mawu amafika mpaka kwa mwini wake ku Salima. Mabanja ena agwedezeka chifukwa cha kuwerenga kolakwika. Dziwani izi: a chipatala amawerenga masabata 40 kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, osati tsiku limene mayi anaima. Mwana wokhwima amatha kubadwa nthawi iliyonse pakati pa masabata 37 ndi 42, ndipo ena amabadwa masiku asanakwane. Tsiku lolembedwa m'buku ndi longoyerekeza. Iyi ndi phindu linanso loyamba sikelo msanga: masiku amalembedwa mukadakumbukira bwino. Bambo auzeni nokha za pakatipo mwamsanga, asamve kwa anthu.

Palinso chikhulupiriro chakuti mayi akamavutika pochira ndiye kuti iye kapena mwamuna wake anayenda njira, ndipo ena amamukakamiza kuti aulule. Kuchedwa kuchira kumadza chifukwa mwana wagona molakwika, mutu wake wakula kuposa njira, kapena chiberekero chikukoka mofooka. Maola amene amatayika pofunsa mayi mafunso ndi amene akanapulumutsa moyo wake. Ife amayi a mu Mpingo tikhale oyamba kuletsa mchitidwe umenewu. Kukhulupirika m'banja timakuphunzitsa chifukwa ndi lonjezo la sakramenti la ukwati, ndipo limamanga onse awiri, wotsala ndi wopita.

Mtima wanu ndi ana anu

Kusowa tulo, kudandaula ndi kulira nthawi zina n'zosadabwitsa. Koma ngati padutsa masabata awiri muli wokhumudwa, chakudya osachifuna, ntchito osaigwira, kapena mukuganiza zodzipweteka, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Uzani anamwino, komanso mayi mnzanu amene mumamukhulupirira. Matendawa amathanso kubwera mutachira kale.

Ana auzeni zoona: bambo ali ku maphunziro a ntchito ndipo adzabwera. Musawaopseze kuti akadzafika adzawakwapula. Bambo akapeza mpata woimba, anawo alankhule nawonso. Chenjerani ndi anthu oimba foni kunena kuti bambo avulala, tumizani ndalama msanga. Yambani mwafunsa pa nambala imene anakusiyirani ija.

Mwana akabadwa, bambo akabwera

Yamwitsani mwana ola loyamba lisanathe, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yoyamba akhale wa bere lokha. Pamchombo musapakepo china chilichonse kupatula chimene a chipatala akupatsani. Mwana alandire katemera woyamba, ndipo mulembetse kubadwa kwake kuti adzakhale ndi chiphaso. Bwererani kuchipatala pa masiku onse amene akulemberani, mpaka pa masabata asanu ndi limodzi.

Bambo akabwera, pitani limodzi mukayezetsenso magazi. Si kukayikirana ayi, ndi kuteteza mwana amene akuyamwa. Thupi lanu likufunika kupuma. A zaumoyo amalangiza kuti padutse zaka ziwiri musanaimenso, ndipo alangizi a mabanja ku parishi angakuphunzitseni awirinu njira zachilengedwe zimene Mpingo umavomereza. Mupatseni bambo mpata wozolowerana ndi mwana. Ngati wabwera wosinthika, wolusa, woledzera kapena wosagona tulo, musabise. Ankhoswe, abambo mfumu ndi a chipatala alipo. Akakumenyani, kanenenso ku polisi.

Ntchito yathu ngati bungwe

Mu Uthenga Wabwino wa Luka timawerenga kuti Amayi Maria, atamva kuti Elizabeti ali ndi pakati, anapita mofulumira ku dziko lamapiri ndipo anakhala naye pafupifupi miyezi itatu. Ifenso tili kumapiri, ndipo a Elizabeti athu tikuwadziwa ndi mayina.

Pa msonkhano wanu wotsatira, mphakati uliwonse utchule amayi oyembekezera amene amuna awo ali kutali, kaya ku usilikali, ku Joni kapena ku maesiteti. Mayi aliyense mumupatse anzake awiri: wina womuperekeza ku sikelo, wina woti foni yake isamazime usiku. Konzani tsiku lokamulimira ndi kumutolera nkhuni. Ngati muli ndi banki m'khonde, patulani kathumba ka ulendo wadzidzidzi wa kuchipatala. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo mayi wina akayamba kuwerengera mnzake miyezi pachitsime, mukumbutseni za masabata 37 mpaka 42 aja.