MUSANAGULE NYUMBA: ZIMENE WOYENDERA NYUMBA AMAONA NDI ZIMENE SANGAONE

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu umagwira bwino ntchito pa nkhani yogula nyumba. Tiyerekeze m'bale wathu amene wakhala zaka 8 ku Joni akusoka zovala, kudzimana zambiri kuti tsiku lina adzakhale ndi pakepake ku Mangochi kapena ku Blantyre. Dobadoba wamutumizira zithunzi: penti yoyera mbee, malata onyezimira, mpanda wa njerwa. Iye wakhutira, watumiza ndalama. Mvula ya mu Januwale itafika, madzi ayamba kutumphuka pansi pa simenti, khoma la kuchipinda lang'aluka, siling'i nayo yagwa chifukwa chiswe chinamaliza kale mitengo ya denga.

Mavuto otere akhoza kuchepa ngati wogula apeza katswiri woti ayendere nyumbayo asanapereke ndalama. Komabe abale ndi alongo, tiyenera kudziwa bwino kuti katswiriyu amatithandiza pa ziti, nanga maso ake amalekezera pati.

Woyendera nyumba ndani?

Uyu ndi munthu wodziwa za zomangamanga amene wogula amamulemba ntchito kuti aone m'mene nyumba iliri, kenaka alembe lipoti. Ku America ntchitoyi ndi yokhazikika, ndipo bungwe la anthu oigwira lotchedwa ASHI linayamba mu 1976. Ku Britain amaigwira akatswiri a bungwe la RICS, ndipo malipoti awo ali m'magawo atatu, kuyambira longoona mwachidule kufikira lofufuza mozama, loyenera nyumba zakale. Kuno kwathu ntchitoyi amaigwira mainjiniya a zomangamanga, akatswiri ojambula mapulani a nyumba, ndiponso amisiri odziwa bwino ntchito yawo.

Tisasokoneze munthu ameneyu ndi woyeza mtengo wa nyumba. Woyeza mtengo amayankha funso lakuti nyumbayi ingagulidwe ndalama zingati. Akatumidwa ndi banki, cholinga chake n'kuteteza ndalama za banki. Ambiri amaganiza kuti popeza a banki anabwera kudzaona, ndiye kuti nyumbayo ndi yolimba. Kumeneko n'kudzinamiza.

Chinthu china chofunika: katswiriyo mumusankhe ndinu ndipo mumulipire ndinu. Munthu amene wabwera naye wogulitsa kapena dobadoba amavutika kunena zoipa za nyumbayo. Ndi bwinonso kuti asakhale yemweyo amene akufuna kudzapatsidwa ntchito yokonza, chifukwa akhoza kukulitsa vuto laling'ono.

Zimene amayang'ana

Katswiri wabwino amayambira panja. Amaona kumene madzi a mvula amalowera: kodi amathawa nyumba kapena amadikha m'mbali mwa maziko? Amaonanso mtundu wa dothi. Dothi la makande limafufuma nthawi ya dzinja ndi kunyala nthawi ya chilimwe, ndipo likamatero limagwedeza maziko osazama.

Kenaka amawerenga ming'alu. Mng'alu wopyapyala ngati tsitsi kawirikawiri umakhala wa pulasitala chabe. Koma wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotakasuka kuposa mamilimita 5, makamaka wochokera pa ngodya ya zenera kapena chitseko, umasonyeza kuti maziko akusuntha. Zitseko zovuta kutseka ndi pansi popendekeka zimachitira umboni womwewo.

M'munsi mwa makoma amafufuza chinyontho. Penti yofufuma, pulasitala wosalala wongoyoyoka ndi zoyera ngati mchere zimasonyeza kuti madzi akukwera kuchokera pansi, mwina chifukwa omanga sanaike pepala lotchinga chinyontho pamwamba pa maziko. Khoma limodzi lokha lopakidwa penti yatsopano limamupatsa mafunso.

Akatero amakwera m'siling'i ndi tochi. Kumeneko ndiko kumabisala zambiri: mitengo yodyedwa ndi chiswe, mizere ya madzi odontha, mawaya a magetsi olumikizidwa mwachisawawa. Amaona ngati khoma lili ndi lamba wa konkire pamwamba, amene amamanga nyumba yonse pamodzi. Lamba ameneyu ndi wofunika kwambiri m'dziko lathu, limene linaona zivomezi ku Salima mu Malichi 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009. Amaonanso malata, pakuti a geji 28 ndi ochindikala kuposa a geji 32, ngakhale onse amanyezimira mofanana ali atsopano.

Pomaliza amatsegula mipopi yonse, kuyesa zimbudzi, kuona thanki ya zonyansa ndi kutalikirana kwake ndi chitsime. Alangizi a zaumoyo amati chitsime chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30.

Pamene maso ake amalekezera

Woyendera nyumba amabwera tsiku limodzi, kwa maola ochepa, ndipo saloledwa kugumula kanthu m'nyumba ya eni. Sangaboole khoma kuti aone ngati njerwa zinamangidwa ndi simenti kapena dothi. Sangakumbe kuti ayeze kuzama kwa maziko pokhapokha mwini atalola. Mapaipi okwiriridwa pansi ndi mawaya a m'kati mwa khoma sawaona. Kabati yaikulu yotsamira khoma ikhoza kubisa mng'alu, ndipo chipinda chokiyidwa amangolemba kuti sanalowemo. Mukalandira lipoti, werengani mosamala ndime imene ikutchula malo amene sanathe kufikako, chifukwa vuto limakonda kukhala komweko.

Nyengo nayo imamumanga manja. Nyumba yoyenderedwa mu Okutobala imaoneka youma bwino. Denga lodontha ndi bwalo lodikha madzi zimadziulula mu Febuluwale. Apa anthu oyandikana nawo amaposa katswiri. Safunsa anadya phula. Pitani mukacheze ndi amayi a nyumba yoyandikana, mufunse akuluakulu ku mzikiti wa m'deralo: kodi madzi amafika pati mvula ikachuluka? Kodi amene ankakhalamo anachokeranji?

Nyumba ikhoza kukhala yolimba koma ili pa malo oopsa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Palibe khoma limene lingaime pa njira ya madzi otere. Nyumba ya m'munsi mwa phiri lometedwa mitengo kapena m'mphepete mwa mtsinje ifunika kuiganizira kawiri, ngakhale lipoti litaiyamikira.

Tidziwenso kuti lipoti limafotokoza za tsiku limene katswiri anabwera. Silikulonjeza kuti paipi sidzaphulika chaka chamawa. Ndipo akalemba kuti pakufunika injiniya woyeza maziko kapena mmisiri wa magetsi, musaone ngati akuthawa ntchito. Akukuuzani moona kuti nzeru zake zalekezera pamenepo.

Mapepala ndi nkhani ina

Woyendera nyumba sangakuuzeni ngati wogulitsayo ndi mwini wake weniweni. Imeneyi ndi ntchito ya loya ndi ofesi ya za malo. Kumeneko mukafufuze dzina limene lili pa chikalata cha umwini, zaka zimene zatsala pa lizi, ndiponso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki. Ngati malowo ndi a lizi ya boma, ya khonsolo kapena ya Malawi Housing Corporation, funsani za chilolezo chosinthira dzina. Ku khonsolo mukaone ngati mapulani anavomerezedwa ndi ngati msonkho wa nyumba ulibe ngongole. Mabilu a madzi ndi magetsi muwaonenso. Malire a puloti amatsimikiza ndi woyeza malo pofufuza mabikoni, chifukwa mpanda ukhoza kulowa m'malo a mnzanu.

Chenjerani kwambiri ndi nyumba za masiye. Nthawi zina mwana mmodzi kapena malume amagulitsa nyumba abale ena osadziwa. Funsani makalata a ku khoti opatsa munthuyo mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Kwa Msilamu nkhaniyi ndi yoposa mlandu wa ku khoti, pakuti Qur'an yolemekezeka mu Surat An-Nisa ikuchenjeza mwamphamvu za chilango cha odya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo.

Abale amene akugula nyumba ku South Africa adziwe mawu akuti voetstoots amene amapezeka m'mapangano ambiri. Tanthauzo lake n'lakuti mwagula nyumbayo m'mene iliri, ndipo wogulitsa angayankhe mlandu pokhapokha mutasonyeza kuti anabisa chilema mwadala. Kuyambira mu Febuluwale 2022 lamulo la kumeneko likulamula ma ejenti kutenga kwa wogulitsa fomu youlula zilema zimene akuzidziwa.

Kwa ogula nyumba zochititsa lendi

Amene akugula kuti azilandira lendi, lipoti liwathandize kuwerengera. Tengani mndandanda wa zofunika kukonza, mufunse mitengo kwa amisiri awiri kapena atatu, muphatikize pa mtengo wa nyumbayo. Pamenepo ndiye mwapeza mtengo wake weniweni, ndipo muli ndi poyambira pokambirana ndi wogulitsa. Koma katswiri sangakuuzeni ngati alendi adzapezeka kapena ngati deralo lidzatukuka. Kumbukiraninso kuti m'nyumbamo mudzagona ana a anthu. Waya wosenduka kapena khoma lopendekeka zikavulaza mlendi, mwini nyumba adzafunsidwa.

Chisilamu chikutinji?

Shariah inaika kale chitetezo kwa wogula. Ma ulama amaphunzitsa za khiyarul-aib, ufulu wa wogula wobweza katundu akapeza chilema chimene chinalipo kale koma sanauzidwe. Mu Sahih Muslim muli nkhani yakuti Mtumiki Muhammad (S.A.W) anapisa dzanja mu mulu wa chakudya pa msika n'kupeza chonyowa chitabisidwa pansi. Anamudzudzula wogulitsayo ndi kuchenjeza kuti chinyengo chimamutalikitsa munthu kwa iye. Kumata mng'alu ndi kupakapo penti sabata yogulitsa nyumba sikusiyana ndi mulu umenewo. Mtumiki anaphunzitsanso kuti malonda amadalitsidwa pamene awiriwo anena zoona ndi kuulula zilema, ndipo madalitsowo amachotsedwa akabisa.

Choncho kubwera kwa katswiri sikuchotsa udindo pa wogulitsa. Iye wakhala m'nyumbamo zaka zambiri, akudziwa ngodya imene amatchera beseni mvula ikamagwa. Katswiri nayenso wasenza amanah. Kulandira kangachepe kuti alembe lipoti lokometsera ndi chiphuphu komanso umboni wonama, ndipo zonsezi ndi haraam.

Wogula naye achite mbali yake. Tonse tikudziwa phunziro la Mtumiki kwa munthu wa ngamira, kuti ayambe waimanga kenaka ayedzamire kwa Allah. Ndime 282 ya Surat Al-Baqarah ikutilangiza kulemba mapangano a ngongole ndi kuika mboni pa malonda. Musachite manyazi kulemberana ngakhale wogulitsayo ndi amene mumaswali naye safu imodzi.

Ndiye musanapereke ndalama, itanani katswiri wanu, pitani ku ofesi ya za malo, chezani ndi oyandikana nawo, ndipo ngati n'kotheka kaoneni nyumbayo mvula ikugwa. Wogulitsa amene akukufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni apite. Mukatha zonsezi swalini Istikhara. Tikupempha Allah kuti atipatse nyumba za halaal, zamtendere ndi zodzadza ndi madalitso. Ameen.