Nkhawa Imene Yasanduka Matenda

Nkhawa aliyense amakhala nayo: mvula ikacedwa, mwana akadwala, cimanga cikayamba kutha m'nkhokwe. Bvuto likapita, nayonso imapita. Koma ilipo nkhawa ina yosacoka, yolanda munthu tulo ndi mphamvu za nchito. Imeneyo ndi matenda. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, OMS, linapeza kuti m'caka ca 2019 anthu 301 miliyoni anali nawo, ndipo mwa anai alionse, mmodzi yekha ndiye amalandira cithandizo.

Mitundu itatu ndiyo tingakumane nayo kawirikawiri m'makalasi athu. Woyamba ndi kudandaula kosalekeza, pa ici ndi ico, kwa miyezi 6 kapena kupitirira. Thupi limangotopa, maganizo sakhazikika. Waciwiri ndi mantha ogwa mwadzidzidzi: mtima kugunda, thukuta, kubanika, munthu n'kumati basi ndikufa, koma pakapita mphindi zingapo zimatsika. Wacitatu ndi kuopa maso a anthu. Mai amene kunyumba amawerenga bwinobwino, tikawaitana ku bolodi manja amanjenjemera, mau osatuluka, sabata yamawa osabweranso. Ife timafulumira kunena kuti ndi ulesi kapena manyazi cabe.

Tikumbukirenso kuti ena mwa ophunzira athu anaona zoopsya pa nkhondo imene inatha mu 1992. Mfuti zinaleka kulira, koma kwa ena maloto oipa ndi kudzidzimuka zikalipobe.

Matendawa amacizika. Kuyambira 1996 dziko lathu limaphunzitsa anchito a zaumoyo oona matenda a maganizo, amene amatumizidwa ku zipatala za m'maboma. Kucipatala amayamba ayeza thupi, popeza kucepa kwa magazi ndi matenda a mtima nazonso zimagunditsa mtima. Cithandizo cina ndi kukambirana: wodwala amaphunzira kupuma modekha ndi kuyandikira pang'onopang'ono cimene amaopa. Cina ndi mankhwala, onga fluoxetina, amene amayamba kugwira pakapita masabata angapo, ndipo salekedwa popanda kuuzidwa ndi acipatala. Kacasu amangogonetsa nkhawa usiku, m'mawa imadzuka itakula.

Nanga ife atsogoleri ticitenji? Tisakakamize munthu kuwerenga pa gulu, ayambe awiriawiri. Wasowa masabata awiri, tikamuone kwao, ticeze naye paokha, ndipo za iye tisazitulutse. Akabvomera, timperekeze kucipatala. Akanena zodzipha, tisadikire mawa.

Wodwala nkhawa si wamisala, ndiponso si wocepa cikhulupiriro. Timpempherere monga timapempherera wa malungo, amene timamunyamulanso kupita naye kucipatala.