Lole isanalowe pamchenga, motorista ayambe waphwetsa matayala

TETE — Mwezi wa Outubro ukafika, mitsinje yambiri ya m'maboma a Chifunde, Marávia ndi Zumbo imaphwa n'kutsala mchenga wokhawokha. Inu amene mumayenda njira ya ku Fingoè mpaka ku Zumbo, kapena timisewu tolowera kumidzi kokatenga chimanga ndi fodya, mukudziwa zimene zimachitika pamadooko opanda mlatho. Lole imalowa bwinobwino, pakati pa mtsinje n'kuima. Motorista akaponda mafuta, matayala amangokumba, ndipo posachedwa lole ija yakhala pamimba. Apo basi onse atsike, matumba atsitsidwe, amuna agwire makasu. Dzuwa limalowa anthu ali pomwepo, ndipo ngati pali wodwala kapena mayi wapakati wopita kuchipatala, nkhaniyo imakhala ya moyo ndi imfa.

Amotorista ozolowera njirazi sadikira kuti atitimire. Amaima poyambira mchenga n'kutuma ajudante kuti achotse mpweya m'matayala. Okwera ena amang'ung'udza poganiza kuti akuwataitsa nthawi, koma nzeru yake ndi yomwe aliyense wopalasa njinga amaidziwa: tayala lopopa kwambiri limacheka mchenga ngati mpeni. Likaphwa pang'ono limakhala pansi motambalala, malo oponda amatalika, ndipo kulemera kwa katundu kumagawikana. Galimoto imayenda pamwamba pa mchenga m'malo moukumba.

Funso ndi lakuti, achotse wochuluka bwanji? Mpweya wa m'tayala amauyeza pa muyeso wa bar. Galimoto yaing'ono monga Land Cruiser kapena Hilux imayenda pamsewu wa tala ndi bar 2 kapena 3; pamchenga wofewa angatsitse kufika pa 1,5, pakavuta kwambiri 1,2. Kutsika kupyola bar 1 n'kuputa tsoka, chifukwa tayala limatha kuvuka palimu, ndipo ngati lili ndi chubu, mlomo wake umang'ambika. Lole yaikulu imayenda ndi bar 7 kapena 8, ndipo ikasenza katundu siyenera kuphwetsedwa ngati galimoto yaing'ono. Motorista achotse pang'onopang'ono, akuyang'ana matayala apawiri akumbuyo kuti asafike pokhudzana, chifukwa akamapekesana amatentha. Kumenya tayala ndi sipanala n'kumvera kulira kwake sikokwanira. Pafunika kachipangizo koyezera, ndipo matayala a mbali zonse ziwiri afanane.

Akalowa mumchenga, asankhiretu giya yamphamvu n'kuyenda osaima, osathamanga, kutsata mmene anzake adapita. Asakhote mwadzidzidzi kapena kuponda mabuleki molimba. Nthawi yabwino yowoloka ndi m'mamawa mchenga ukadali wozizira ndi wogwirana, pakuti masana umafewa. Matayala akayamba kuzungulira pamodzimodzi, achotse phazi pamafuta nthawi yomweyo, ayese kubwerera m'mbuyo m'mapazi ake omwe. Zikakanika, akumbe kutsogolo kwa matayala n'kuyalapo nthambi.

Ngozi yaikulu imabwera atawoloka. Tayala lophwa limapindika m'mbali nthawi zonse likamazungulira, ndiye limatentha. Galimoto ikathamanga nalo panthaka youma litha kuphulika, anthu ali pamwamba pa matumba. Miyala ndi zitsa nazonso zimang'amba msanga m'mbali mwa tayala lofewa, ndipo tayala long'ambika m'mbali silimatika. N'chifukwa chake mpweya uyenera kubwezeredwa akangotuluka mumchenga. Malole a mabuleki a mpweya ali ndi mwayi, chifukwa ndi paipi chabe angapope kuchokera m'thanki ya lole yomweyo. Galimoto zazing'ono ziyende ndi pampu. Ngati palibiretu, motorista ayende pang'onopang'ono ngati ngolo ya ng'ombe mpaka pamene angapeze popopera.

Tsono abale, pamene mukupangana mtengo ndi mwini lole kuti adzanyamule zokolola zanu, musafunse za ndalama zokha. Funsaninso ngati ali ndi pampu, choyezera mpweya, jeke ndi fosholo. Ndipo motorista akaima m'mphepete mwa mtsinje, ajudante n'kugwada patayala, m'lezereni mtima. Mphindi 20 zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi kugona pamchenga mukulondera matumba.